Nyale za pa Chiundo

Kuno ku Oulu dzuwa la Disembala ndi mlendo wamanyazi:
limasuzumira cha m'ma leveni,
ikamakwana thuu koloko latsanzika kale.
Mumdima woterowo Marjatta anaphonya chiundo cha galimoto,
phazi linaponda mphepo,
bondo linakakumana ndi madzi oundana pabwalo la sitolo.
Anaseka, monga amachitira akapweteka,
koma usiku ndinamumva akubuula.
Ng'ala yayamba kumudya maso.
Adokotala akuti tidikire Epulo.

Ine Epulo sindingamudikire.

Ndinatsekula garaja, ndinayatsa hita,
ndinakanganula zipulasitiki zakale za pa chiundo.
Timano tiwiri tinathyoka, ndinatukwana pang'ono.
Pansi pake panali mchenga wa zaka makumi awiri,
kandalama kachitsulo komwe sikagulanso kanthu,
ndi ndolo imodzi yomwe tinakanganirapo
chaka chimene mwana wathu anakwatiwa.

Ndinacheka pulasitiki yoonekera ngati galasi,
ndinaipala ndi sandipepala mpaka inachita mbuu,
pakuti Reijo wa kushopu ya zamagetsi anandiuza
kuti kuwala kumafuna pokhakhala kuti kugwire,
posalala kumangodutsa osapereka moni.

Timababu tating'ono ngati njere za mpiru
tandandalikana pa kalamba kopyapyala.
Mawaya anayi: wofiira, wobiriwira, wabuluu,
ndi wachinayi wosenza moto wa onsewo.
Zala zanga zinazolowera masipanala a m'sitima zapamadzi,
apa zinkanjenjemera.
Mtovu wamoto unandidonthera pachala.
Fyuzi yoyamba inapsa.
Yachiwiri nayonso.
Ndinali nditasemphanitsa mawaya ngati mwana woyamba kumene.
Amati kuona maso a nkhono n'kudekha,
koma amene ananena zimenezo sanagonepo chagada
pansi pa chiwongolero,
tochi ili kukamwa, msana ukulira.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinalumikiza waya
ku kaswichi kobisala m'mphepete mwa khomo,
kamene kamanong'oneza galimoto kuti chitseko chatseguka.
Ndinamata guluu kuti madzi amchere a mumsewu asalowe.
Ndinazimitsa magetsi a m'garaja. Bii.
Ndinakoka chitseko.

Chiundo chinadzuka.
Psuu, kenako chikasu, kenako msipu wanthete,
kenako mtundu wa nyanja yathu m'mwezi wa Julaye,
kusintha mosapupuluma
ngati bilimankhwe wopanda komwe akuthamangira.
Ndinatseka, ndinatsekula, ndinatsekanso,
nkhalamba yaimvi kusewera ndi chitseko pakati pa usiku.

Ndinakamuitana.
Anabwera atavala chijasi pamwamba pa zogonera,
kuphazi majombo anga.
Anayang'ana nthawi yaitali.
"Ilpo, galimoto yathu waisandutsa disiko?"
Ndinamupatsa karimoti. Anadina, anadinanso.
Mtundu wofiira akuti ukumulasa m'maso.
Wabuluu sakuuona n'komwe, ukungosungunuka mumdima.
Wobiriwira ukumukumbutsa kuchipatala.
Pa wachikasu chala chinaima.
"Uwu. Uwu ndikuuona mpaka pomwe wathera."

Mitundu yonse ija ndinapsera zala,
iye wasankhapo umodzi,
wofanana ndi babu wamba wa kukhitchini kwathu.

Loweruka mdzukulu wathu Sointu amaba karimoti,
garaja yonse imasanduka utawaleza,
batire imadandaula.
Reijo anabwera kudzaona, anagogoda ndi chikhadabo,
nati kona yakumanzere ndinaipala moperewera.
Akunena zoona. Pali kachigamba kamdima pamenepo,
ndipo sindinakakonzebe.

Lolemba m'mawa, kunja kudakali bii,
ndimabwezera pa chikasu.
Marjatta amakoka chitseko,
amayang'ana pansi,
amakweza phazi, n'kuponda pomwe akufuna.
Ine ndimanamizira kukonza kalirole
mpaka atamanga lamba.